Chikwangwani Musalembetse Kaye

Okondedwa achimwene,

Kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko?

Mtsikana wathu wabwera ku holide, ndipo m'nyumba muno mwatentha! Kukoleji kwawo salola munthu kuphunzira za mankhwala zokha chaka choyamba. Amawonjezerapo mbiri yakale, nyimbo ndi luso la kuganiza, ati mutu uyambe watseguka. Watsegukadi. Dzulo bambo ake atanena kuti mkazi satsogolera banja, iye anangofunsa kuti, "Ababa, mwadziwa bwanji?" Mpaka pano alamu anuwo akusakabe yankho. Ine ndinaseka mpaka misozi.

Za nyimbo amakamba osapuma. Mabuku a mankhwala aja ali bwinobwino, ngati ogula dzulo.

Tsono chikwangwani cha sitolo yanu ya mankhwala chija, chokhala ndi dzina lake, musalembetse kaye.

Ndine mlongo wanu.