Ndinathawa Ng'ombe pa Mhuju

Thazima,
Rumphi.

Okondedwa achemwali Emelda,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Nanga inu ndi alamu mukudzuka bwanji? Ine thupi lili bwino, koma zinazi ayi. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mawu ake sangatuluke.

Ndamva kuti mkazi wanga Ida wapita kwa ankhoswe kukanena kuti ndapeza mkazi wachitumbuka, n'chifukwa chake sindinabwere patchuthi ndipo foni ndimayankha mwachidule. Sindikumuda. Koma nkhani si imeneyo.

Dzinja lapitali tili paulonda m'nkhalango yosungira nyama, njovu inatithamangitsa. Mnzanga Lumbani inamugwetsa n'kumuthyola mwendo. Iye anachira, akuyenda ndi ndodo uku akuseka. Ine amene sinandikhudze n'komwe ndi amene ndatsala wodwala. Kanthambi kakangothyoka, mtima phaphapha, thukuta kamukamu, mfuti osaigwiranso bwino. Akuluakulu anandichotsa kutchire, pano ndimangotsegula geti.

Tsiku lina pamsika wa Mhuju ng'ombe inapumira kumbuyo kwanga. Ndinaliyatsa liwiro n'kugubuduza tomato wa eni, ndili mu yunifolomu. Amayi ogulitsa anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndikanabwera ndi nkhope yanji kumudziko, kumene ana anga amauza anzawo kuti bambo awo saopa chilombo?

Lumbani yemweyo ndiye anandikokera kwa mlangizi wa za maganizo kuboma, mayi wachikulire, a Nyagondwe. Tsiku loyamba ndinabwerako wokwiya. Ulendo wonse uja wa fumbi, iwo n'kungokhala phee kumamvetsera, osandidzudzula, osandiuza chochita! Nditadandaula, anati munthu akamvedwa popanda kuweruzidwa amayamba kudzimvetsa, ndipo njira yotulukira amakhala nayo mwini wake. Mumtima ndinati amayiwa akudya malipiro aulere. Ulendo wachiwiri ndinalira, achemwali, ine bambo wandevu, pamaso pa mayi wa eni. Iwo anangondikankhira kapu ya madzi.

Akuti alangizi ena amakumba ubwana wa munthu, kufunafuna zimene mtima unakwirira. Atandifunsa za malemu abambo, ndinakumbukira mmene ankandithamangitsira kuseri kwa nyumba ndikayamba kulira. Apo tinangokandapo pamwamba, ndinapempha kuti tisiye kaye.

Chimene chikundithandiza kwambiri n'china. Akuti njovu ija inapita kalekale, chondizunza pano ndi ganizo lakuti ndine wamantha ndipo aliyense akuona. Ganizolo limautsa mantha, mantha amandithawitsa, ndikathawa ganizo lija limanenepa. Ndiye amandipatsa ntchito yokachitira kunyumba ngati mwana wasukulu: kulifunsa ganizolo umboni wake, komanso kuyandikira chimene ndimaopa pang'onopang'ono. Musaseke, ndinayambira pakhola la ng'ombe la bambo wina ku Nkhamanga. Ndinaima pamenepo ngati wodzagula. Sabata yatha ndinalowa m'nkhalango ndi anzanga mpaka tinapeza ndowe za njovu zofunda, ndipo ndinabwerako moyenda, osati mothamanga.

Tsopano akuti vuto la munthu mmodzi limagwira nyumba yonse, ndipo kubisa kwangaku kwadwalitsa banja. Akufuna kuti ulendo wina Ida adzakhalepo. Ndinawayankha kuti bola kukumananso ndi njovu. Sanaseke.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa Ida nokha ankhoswe asanakhale pansi, mukamuwerengere kalatayi yonse. Za tomato zija musadumphe. Akalola kubwera, ndikamuchingamira kudepoti. Akakana, sindimuimba mlandu, ndamusunga mumdima nthawi yaitali. Koma mumuuze kuti mayi wachitumbuka alipodi, ali ndi imvi mutu wonse, ndipo chimene ndimakachita kwa iwo n'kulira basi. Manyazi andigwira polemba izi, koma bola manyazi kusiyana n'kuti banja langa lithe chifukwa cha mkazi amene kulibe.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Moninso kwa alamu, amalume ndi ana anga onse. Yewo chomene, monga amanenera kuno. Moni wa Ida sindiuika m'kalata. Ndikufuna ndidzamupatse ndekha pamanja, ngati angalole kundigwira chanza.

Ndine mlongo wanu,
Mackson