Amayi akumba kale mbatata, amuna anga sakudziwa

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kuno kwa Lobi. Nkhani yangayi ndikaiganiza ndimayamba ndaseka, kenako ndimasowa chochita, ndiye ndati ndikuuzeni inu amene simundidziwa nkhope.

Amuna anga, a Gerevazio, ndi akamwini pamudzi pathu pano. Amagwira ntchito ya ukalaliki m'nyumba yosungira katundu pasukulu ina ya amishoni, ya atsikana ogonera konko. Chaka chathachi anayamba maphunziro a papositi a kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu. Mabuku amakawatenga ku positi ofesi ya pa Boma, ndipo akafika nawo amawapukuta fumbi ndi mpango asanayambe n'komwe kupereka moni kwa ana. Akuti akakhoza mayeso akubwerawa adzakhala wogula katundu weniweni, wovala tayi.

Chiyambireni maphunzirowa, nyumba yathu yasanduka kalasi. Sopo amene anagulidwa poyamba ndiye ayambe kutha, watsopano adikire kumbuyo. Matumba a nyemba anawalemba ndi choko. Tikapita kumsika, akangoonetsa khadi lachipani pachipata, ntchito yofunsa iyambike. Tomato weniweniyu amafunsa mtengo kwa amayi atatu asanagule, mpaka ogulitsa akawaona amakodolana, amvekere, "Afika a mafunso aja." Amati katundu aliyense ali ndi ulendo wake, kuchoka kumunda, kukwera ngolo, kukwera lole, kugona m'nyumba yosungira, mpaka kufika pambale ya mwana wasukulu, ndipo pakangoduka pamodzi ana onse agona ndi njala. Zimenezi ndazimva kambirimbiri moti mayesowo ndikhoza kukawalembera ndine.

Musaganize kuti ndikudandaula. Bambowa ndimawanyadira kwambiri, ndipo panyumba pano mchere sutithera modzidzimutsa ngati kale.

Vuto labwera ndi mbatata. A Sisitere Elena, amene amayang'anira chuma cha sukuluyo, anawauza amuna anga kuti teremu ikubwerayi agule okha mbatata ya kachewere ya ana onse, kuti aone ngati mabuku aja alowadi m'mutu. Amuna anga anasangalala mpaka anandiuza nkhaniyo ali pabwalo, mokweza. Tsono amayi anga amalima mbatata yomweyo m'mbali mwa phiri, ndipo chaka chino yabereka mochititsa kaso.

Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Amayi akaona a Gerevazio akubwera m'njira amapatukira patchire, n'kutulukamo chitenje chonse chili chisoso chokhachokha. Iwonso amatsika panjinga n'kumayang'ana kumbali ngati ataya ndalama. Chikwatiranireni ife, awiriwa sanalankhulanepo maso ndi maso, koma amakondana kwabasi. Khitchini ya amayi anafolera ndi a Gerevazio, ndipo amayi sangamalize msonkhano wa kumphakati wa tchalitchi osatchula mkamwini wawo wophunzira. Mawu awo onse amadzera mwa ine.

Tsiku lina amayi anandiitana n'kunena kuti, "Ukawauze abambowo kuti asavutike n'kupalasa njinga kutali, mbatata ili pakhomo pompano." Ndinakanena momwemo. Amuna anga anaika buku pansi n'kuyankha mofatsa kuti, "Mukawauze amayi mwaulemu kuti sizingatheke. Ndiyenera kufunsa alimi atatu, ndipo wogula katundu wa eni ake sagula kwa apongozi ake. Izi zili m'mutu woyambirira weniweni wa bukuli."

Aphungu, kuchoka kunyumba kwathu kufika kwa amayi ndi pafupi, koma ulendo umenewo unanditalikira. Ndinawapeza akusenda nyemba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo mawu akuti "sizingatheke" ndinalephera kuwatula. Ndinangoti, "Akuti amva, ndipo akuthokoza kwambiri." Nditabwerera amuna anga anafunsa kuti amayi ati bwanji. Ndinati, "Akuti palibe vuto."

Ine ndimayesa nkhaniyo izizira yokha. Ayi ndithu. M'mawa mwake amayi anapha tambala wawo wamkulu, n'kumuphika bwinobwino, n'kundipatsa kuti ndikapereke kwa akamwini. A Gerevazio anadya mpaka kunyambita zala, akunena kuti, "Amayi ndi munthu womvetsa zinthu. Ena akanakwiya, koma iwo mpaka tambala." Loweruka lake anagula shuga ndi duku ku Boma, akuti athokoze kumvetsa kumeneko. Amayi atalandira anavala dukulo pomwepo n'kundiuza kuti, "Waona? Munthu akutsimikiza ameneyu." Ine ndinali pakati, ndikumwetulira uku ndi uku ngati wopepera.

Pano zafika poipa. Amayi akumba munda wonse, mbatata yaunjikidwa m'khitchini mwawo, ndipo auza mphakati wonse kuti ana a kumishoni adya za m'munda mwawo. Kunabwera bambo wina wa galimoto wochokera ku Lilongwe kudzafuna mbatata, iwo anamubweza, akuti, "Yangayi ili ndi mwini wake kale." Amuna anga nawonso azungulira kale ku Bembeke ndi kwina, aona alimi awo atatu, ndipo atsala pang'ono kukapereka dzina kwa a Sisitere. Ataona ngolo ikutsitsa matumba kwa amayi anangoti, "Amayi apeza msika msanga, Mulungu ngwabwino." Pakhomo pa apongozi safikapo eni ake alipo, ndiye angadziwe bwanji?

Mnzanga Falesi akuti ndipite mobisa kwa a Sisitere ndikalire, iwo ndi achifundo, akawalamula amuna anga kuti agule ya amayi. Akuti zikakanika ndibise mabuku aja mpaka bambowo afewe. Mtima wanga ukukana zonse ziwiri, koma nzeru ina ndilibe.

Chimene ndikuopa ndi ichi. Amayi adzati mkamwini anadya tambala wawo akudziwa kuti akuwapusitsa. Mudzi uno ndi wa amayi, ndipo mkamwini wodana ndi apongozi ake sakhalitsa pamudzi. Banja langa ndi lokoma, Aphungu, sindikufuna kuti lithere pa mbatata. Kodi amuna angawa sakuumitsa mutu ndi mabuku awowa? Nanga ndiyambire kuti?

A. G.,
Lobi, Dedza.

Mayi A. G.,

Ndaseka, ndisakunamizeni, makamaka pa tambalayo. Koma kalata yanu yagona panjira, ndipo mbatata yokumba kale sidikira kuti Aphungu amalize kuseka, ndiye tiyeni tifulumire.

Amuna anu sakuumitsa mutu. Ndalama zimene akukagulira mbatatazo si zawo, ndi za makolo amene anagulitsa mbuzi kuti ana awo aphunzire. Munthu wogwira ndalama za eni ake akagula mwakachetechete kwa apongozi ake, ngakhale mbatatayo ikhale yokoma bwanji, tsiku limene imodzi idzapezeke yowola aliyense adzati, "Nanga si ya apongozi." Ntchito imathera pomwepo, tayi asanamuvale n'komwe. Amayi anunso sanalakwe. Anafunsa mwaulemu, anayankhidwa mokoma, anathokoza ndi nkhuku monga achitira munthu woleredwa bwino. Ndiye watsala ndani? Mwatsala inu, mayi. Sindikuti ndinu wabodza woipa mtima, ayi, munachita chifukwa chowakonda onse awiri. Koma mawu aja munawapeta ngati mphale, gaga n'kutaya, osadziwa kuti uthenga weniweni unali m'gagamo.

Mukangomaliza kuwerenga izi, auzeni amuna anu zonse. Musasiyeko kanthu, za tambala, za duku, za bambo wa ku Lilongwe amene anabwezedwa. Adzagwira kumutu, mwina adzazungulira nyumba kangapo, asiyeni azungulire. Munthu amene amafunsa mtengo wa tomato katatu si wopupuluma, akakhala pansi ayamba kuganiza.

Kenako tulani pansi ntchito yonyamula mawu pankhani imeneyi, yakukulirani. Ankhoswe anu alipo chifukwa cha masiku ngati amenewa, sikuti ntchito yawo ndi kudya nyama paukwati basi. Itanani wa kuchikazi ndi wa kuchimuna, amuna anu afotokoze pamaso pawo chifukwa chimene anakanira, ndipo ankhoswewo akatule mawuwo kwa amayi ali athunthu. Mwambo umaletsa mkamwini kuyang'anizana ndi apongozi ake, koma suletsa kuti amvane. Mufunsenso akuluakulu a kwanuko ngati pali njira yoti awiriwa aziyankhulana pankhani zikuluzikulu, ngakhale wina ali kuseri kwa mpanda. Anthu okondana chotere asamadalire pakamwa pamodzi pokha.

Tsono za mbatatayo. Ine mabuku a amuna anuwo sindinawawerenge, koma ndikukayika ngati akunena kuti mbatata ya apongozi ndi yoletsedwa kudyedwa pasukulu. Chimene chimaipa ndi kubisa ubale ndi kudziweruzira wekha. A Gerevazio apite kwa a Sisitere masana dzuwa likuswa mtengo, akanene poyera kuti, "Pali mlimi wina wachinayi, koma ndi apongozi anga, ndiye pa ameneyu ine ndisalankhulepo." Dengu la amayi anu liikidwe pamodzi ndi madengu a alimi enawo, a Sisitere ndi ophika asankhe okha, amuna anu ali panja. A Sisitere akhoza kuvomera, akhozanso kukana kuti ayi, za apongozi zisalowe n'komwe. Zonsezo nzabwino. Mwa njira iliyonse adzaona kuti kalaliki wawo sabisa kanthu, ndipo mayeso aakulu amene akumuyesa ndi amenewo.

Ikakanika kusukulu, apa ndiye pofunika maphunziro aja. Munthu amene amadziwa ulendo wa katundu kuchoka kumunda mpaka pambale sangalephere kupezera apongozi ake msika. Pa Boma pali malo odyera, pamsewu waukulu malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaima tsiku ndi tsiku. Apalase njinga imeneyo, afunse ogula atatu monga mwa chizolowezi chawo, koma ulendo uno akhale mbali ya wogulitsa. Pakali pano thandizani amayi kuyala mbatatayo pamalo ozizira, amdima, opita mphepo. Yotemeka ndi khasu muipatule muyambe kudya, ndipo musaitsuke. M'khitchini mofuka utsi ndi motentha, siikhalitsa.

Mnzanu Falesi mumuthokoze, koma nzeru zakezo azisunge. Mukapita kukalira kwa a Sisitere mobisa, iwo adzayesa kuti akutumani ndi amuna anu, ndipo mudzawaonongera mbiri ndi manja anu omwe. Mabukuwo musawakhudze. Akubweretserani mchere wosatha m'nyumba, mawa akubweretserani zoposa pamenepo.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mbatata igulidwe kusukulu kapena pamsewu, zimenezo amayi anu adzaiwala mvula ikangogwa. Chimene sangaiwale ndi kumva nkhaniyi kwa munthu wina, kumsika kapena kumphakati, anthu akuwaseka. Ndiye ankhoswe asanafike, lowani nokha kwa amayi, mukhale pansi, muwauze ndi pakamwa panu kuti, "Amayi, amene anasintha mawu ndine, mkamwini wanu sanakunamizeni." Adzakukalipirani kwambiri, mwina sakuyankhulani mpaka Lamulungu. Pirirani. Inu ndinu mwana wawo, sangakuchotseni pamudzi. Amene angachotsedwe ndi amuna anu, choncho mkwiyowo muusenze ndinu.