Amayi Asakhalenso Pansi pa Mango

Wokondedwa mlongo wanga,

Muli bwanji nonse kumeneko? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la pabwalo la ndege landipatsa chifuwa.

Uthenga wako woti tsiku lija tinadutsa ndi ndege pamwamba pa mudzi wathu munandibayibitsa unandiseketsa, kenako unandiliza. Munabayibitsa muli pansi pa mtengo wa mango! Ine kumwambako ndinangoona masamba okhaokha.

Kandege kathu kojambula minda kali ndi mapiko m'munsi mwa mawindo, ndiye kakamauluka mowongoka, phiko limabisa zapansi. Woyendetsa wathu, amene timawatcha a Ndevu, anachepetsa liwiro, n'kukapendeketsa mpaka phiko linaloza nyumba yathu ngati chala, kenako anazungulira pomwepo. Ine sindinaphethire n'komwe. Ndinawapempha kuti atsike pang'ono kuti ndisuzumire kunsi kwa mtengowo. Anakana, amvekere kandege si njinga, ukakachedwetsa kwambiri kali chopendekeka kamagwa.

Ndinaona denga lija bambo analitsendereza ndi miyala, chingwe choyanikapo zovala, ndiponso kanjira ka kusukulu komwe unkalira kuti ndikubereke. Zonse zachepa, mlongo wanga, moti ndikanaziphimba ndi chikhatho. Ndinapukwa kwambiri.

Loweruka lomaliza la mwezi uno, m'mawa, tidutsanso komaliza, chifukwa ntchito ya dera limenelo yatha. Tchuthi akuti mpaka chaka chamawa, ndipo iwe wandiuza kuti amayi akuwonda. Papsa tonola. A Ndevu alola kuzungulira kamodzi kokha.

Pempho langa ndi ili. Ukangomva kulira kwa injini, unyamule mpando wa amayi uuike pakati pa bwalo, padzuwa penipeni, uwafunditse bulangete lofiira lija. Ndikudziwa akalipa, anena kuti iwo si zovala zoti n'kuyanikidwa. Uwaleke akalipe, bola asabwerere pamthunzi. Maso awo safika kutali, choncho ukaona phiko lapendekeka uwakweze dzanja, uwauze kuti kumapeto kwa phikolo kuli mwana wawo, nkhope ili pawindo.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana ako onse. Anawo athamange mmene angafunire, koma asawatchinge agogo awo.

Ndine mlongo wako wosowa uja,
Kamutu