Chala Chanu pa Khoma la Sukulu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Mtakataka likutiwotchabe ngati tinalilakwira. Mpunga wa ku Bwanje chaka chino wachita bwino, moti pa Golomoti ndikuyenda monyada. Mbuzi yanu yakuda ija sinasiye kuba. Dzana inadya mbatata za eni, ndinakapepesa m'dzina lanu.

Koma chandikhazika pansi ndi nkhani ya mdzukulu wanu Tiyamike. Munatisiya ali Fomu 1, akukhala m'kanyumba ka lendi pafupi ndi sekondale chifukwa kwathu n'kutali. Kumeneko kunalibe wamkulu womuyang'anira. Chaka chotsatira anabwera kunyumba ali ndi pakati. Ndinalira kuposa pa maliro anu, musandikwiyire. Kunabadwa mwana wamkazi, tinamupatsa dzina lanu, ndipo pakamwa pake sipatsekeka ngati mwini dzina.

Achimwene anu a Yohane, monga mwini mbumba, anagamula kuti Tiyamike angokwatiwa ndi mnyamata wausodzi amene anamupatsa mimbayo, ati wobereka sakhala pa desiki. Ine ndinakana. Ndinakumbukira mawu anu aja: "Ukagwa m'matope sugona pomwepo, umadzuka n'kukasamba." Amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulupo anabwera kangapo, mpaka amalume analola kuti abwerere kusukulu.

Tsopano imvani izi. Mukukumbuka njerwa zija munkaumba ndi anzanu pa chitukuko, zoti amangire atsikana kogona? Munkadinda chala chachikulu m'mbali mwa njerwa isanaume, n'kumati, "Ine cholembera sindichidziwa, siginecha yanga ndi imeneyi." Uvuni uja unakhala zaka mpaka kumera udzu, anthu n'kumaseka kuti munaumbira abuluzi nyumba.

Amayi, hositelo yamangidwa! Magetsi a sola, mjigo pakhomo, mabafa okhala ndi zitseko, mayi wogona konko ndi atsikanawo, komanso aphunzitsi omva madandaulo a ana. Omanga anabwera ndi mabuloko a simenti, ati njerwa zowotcha zikutha mitengo. Mtima unandiwawa. Koma makolo tinaumirira, ndipo njerwa zanu tinamangira kachipinda kauphungu, komwe mwana amakapepukidwa akalemedwa mumtima. Pulasitala sitinapake, simenti inatithera.

Tsiku lobwerera kusukulu ndinamuperekeza. Titafika pageti anaima. Anaona anzake akale akunong'onezana, ndipo anandiuza kuti tibwerere, bola ukwati kusiyana ndi kusekedwa. Ndinachita mantha, Amayi. Ndinadziwa kuti akangotembenuka, basi kwatha.

Aphunzitsi auphungu aja, a Nachisale, anationa n'kutilowetsa m'kachipindako kuti tipume. Iwo akulankhula, Tiyamike maso anali kukhoma. Kenako anaimirira n'kulowetsa chala chake m'kadzenje ka pa njerwa. Anapeza kena, n'kenanso, kuyambira pansi mpaka pawindo. Paja ali wamng'ono ndiye ankakutungirani madzi opondera dothi, ndiye sanafunse kuti chala n'cha yani. Analira, inenso ndinalira, aphunzitsi n'kutisiya tilire. Atapukuta misozi anasenza yekha chikwama, ulendo wa ku hositelo, osacheuka.

Teremu yatha, ndipo pa mayeso ali m'gulu la otsogola. Ndinalulutira mpaka mawu kusasa. A Yohane tsopano akuuza aliyense pamsika kuti nzeru yomubwezera kusukulu inali yawo. Ndangowasiya, akulu salakwa.

Munkadandaula kuti mudzapita osalowako m'sukulu. Mwalowa, Amayi, ndipo simudzatulukamonso. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Khandali ndililera ine mpaka mayi wake amalize Fomu 4, ndikulonjeza. Likadzayamba kuyenda ndidzapita nalo kusukuluko, likagwire chala cha mwini dzina.

Ndine mwana wanu,
Esinati