Makoswe adya chishango cha bambo

Durban,
9 Julaye

Okondedwa achemwali anga a Lufina,

Ndayamba ndi moni. Kaya muli bwanji ku Manjawirako, inuyo, alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja waphwa? Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti pakhomo ndimalowa chammbali. Kuntchito ya matayala abwana amati ine nditangodwala tsiku limodzi, galimoto zonse za mu Durban zikhoza kuima.

Koma lero sindikuseka, achemwali. Ndalakwa kwambiri.

Chishango cha malemu bambo, chomwe nonse mukuti chili kudenga m'nyumba mwawo, kulibeko. Ndinachitenga ine chaka chatha nditachikulunga m'bulangete. Azulu a kuno ankandiseka kuti ndine Mngoni wapakamwa, chilankhulo sindidziwa, ng'ombe ndilibe. Tsiku lomwe ndinachitulutsa n'kuvina nacho ngoma, fumbi lake linakafika kunyanja. Mkulu wina anachitembenuza kangapo, n'kunena kuti kasokedwe kotere ka timizere tapakati anakaona komaliza kwa agogo ake. Kuyambira pomwepo amanditchula m'bale wawo.

Ndiye ndinati ndichisamale monga ankachitira bambo. Paja iwo ankachipaka mafuta a ng'ombe n'kuchipachika pautsi. Nanga ine utsi ndiupeza kuti m'chipinda cha lendi? Ndinachipaka majarini, wambiri ndithu, n'kuchisunga kunsi kwa bedi. Makoswe a kuno, achemwali, ndi aakulu ngati ana a mbuzi. Adya mbali yonse ya kumanzere, paja panali banga loyera.

Inu mukudziwa kuti chikopacho ndi cha Bantomu, ng'ombe yomaliza m'khola la agogo. Bambo ankati akachigwira amamva fungo la kholalo. Zishango zatsopano pamsika kuno ndi mbwee, azungu amagula zokakongoletsera m'nyumba. Ndinanyamula chimodzi, koma ndinachibweza pomwepo. Amayi ng'ombe ija ankaidziwa banga lililonse, sindingawanamize. Ndipo mu Seputembala, pa mwambo wa chiliza cha bambo, amalume adzachifuna kuti achimwene a Eric avine nacho kutsogolo. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichikulowa, kunenepa ndanena kuja ndangokunamizani.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ku Tsangano kwa a Ngozo, mkulu uja ankasoka zikopa ndi bambo. Mukawafunse ngati chishango chodyedwa chotere chimalumikizika, komanso ndi chikopa chamtundu wanji. Odziwa ntchitoyi atsala ndi iwo okha, ndipo ndamva kuti maso ayamba kuwavuta, choncho musachedwe. Akavomera, mwezi wamawa ndikwera basi nditachifungata pamiyendo mpaka kufika.

Amayi musawauze chonde. Wakuba ndine, ndidzawauza ndekha nditagwada. A Ngozo akakana, ndibwera nachobe chomwecho, ndidzaime nacho kumanda ndekha, asadzachite manyazi ndi a Eric pa mlandu wanga.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume ndi azakhali. Moninso kwa alamu, muwauze kuti njinga yawo ija ndikuimva kulira kuno. Thokozile ndi Ian alimbikire sukulu, asadzakhale ngati malume awo.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Aleck