Mvunguti wathu sunadulidwe

Ba Felistus, akulu anga,

Muli bwanji uko ku Kitwe? Kuno ku Mtendere mitima yakhala pansi.

Mvunguti uja munabzala tili ana wapulumuka. Lachiwiri ba landilodi, eni nyumba, anabwera ni nkhwangwa, ati maluwa ake ofiira adetsa pabwalo. Ba Mayo anatuluka, nawaonetsa mwendo. "Onani," anatero, "chilonda cha miyezi isanu chapola ni phulusa la chipatso cha mtengo uyu." Ba landilodi anaika nkhwangwa pansi, kenako anapempha chipatso chimodzi chokapatsa akazi awo, napita.

Manje ba Mayo ayenda okha mpaka kutchalitchi. Koma ku kiliniki ati abwererenso, pali vina anaona m'magazi. Ivo tizakamba mukabwera. Musachedwe kwambiri.

Ndine mng'ono wanu,
Mwiche