Miyala ya Maziko Anga

Chilobwe, Blantyre
14 Seputembala 2019

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino konko ku Tengani. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Kuno ine ndi apongozi anu a Bertha tilipo, koma mdzukulu wanu Ndaziona sali bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa sindimadziwa poyambira.

Chifuwa chinamuyamba mu Julaye. Tinkati n'chisanu, ndiye tinkangomufunditsa n'kutseka mawindo. Chisanu chatha, chifuwa chilipobe. Lamulungu lapitali, tikukonzekera kupita kutchalitchi, anabanika. Anakhala pansi pakhomo, nsapato imodzi ili kumanja, akukoka mpweya ngati wina wamukhalira pachifuwa. Sanalire, Amayi, analibe mpweya wolirira. Ndinamunyamula n'kuthamanga naye kumsewu.

Kuchipatala anati ndi mphumu, natipatsa kampope kopopera mankhwala m'kamwa. Kenako adokotala anafunsa ngati pali chimene chimawotchedwa pafupi ndi nyumba yathu. A Bertha anatchula mbaula ndi zinyalala za kumsika. Koma ine yankho lenileni ndinkalidziwa.

Mukukumbuka puloti ija ndinakuuzani kuti ndapeza kumtunda kwa nyumba yomwe tikuchita lendi? Munasangalala, munati tsopano mwana wanu wasanduka munthu wa m'tauni. Kuti ndimange maziko pankafunika miyala yoswa, ndipo ntchitoyo ndinapatsa msuweni wanga January, mwana wa atsibweni. Kuno thanthwe saliyamba ndi nyundo. Amaunjikapo matayala akale n'kuyatsa, thanthwelo litenthe mpaka ling'aluke, kenako ndiye amaswa. Utsi wake ndi wakuda bii, ndipo mphepo ya m'phiri imautsitsira pabwalo pomwe Ndaziona amasewera. Zovala za pachingwe zimauma zili ndi mwaye. Mwana akamina, pansalu pamada.

Chondichititsa manyazi n'chakuti zimenezi ndizo ndinaphunzira ku yunivesite. Ku ofesi ntchito yanga ndi kulemba malipoti a zachilengedwe. Ndalembapo ndi dzanja langali kuti mzinda ukamakula, magalimoto ndi zomangamanga zimachuluka, ndipo utsi wake umakhalira anthu a m'makomboni, pomwe opeza bwino amakhala kumene kuli mitengo. Ndikamadikira minibasi pa depoti ya Limbe, utsi ukulowa m'maso, ndinkadziona ngati munthu wozindikira pakati pa osadziwa. Koma utsi wa miyala yanga ndinkauyang'ana m'mawa uliwonse n'kumati nyumba ikuyenda. Sindikudziwa ngati sindinaone kapena sindinafune kuona.

Lachiwiri ndinakwera kukalankhula ndi January. Anaseka, nati aphunzitsi abwera ndi mabuku awo. Anandifunsa ngati ndinaonapo thanthwe losweka ndi lipoti. Nditamuuza za mwana kuseka kunatha, anafunsa za iye mwachifundo, ndipo anavomera kusiya miyala yanga. Koma anandilozera mapuloti ena kumtunda, onse akudikira maziko, nati iye akasiya abwera ena ndi matayala awo, ndipo ana ake anayi sadya mpweya wabwino. Iyenso akutsokomola, maso ali psuu. Ndinatsika kubwerera kunyumba. Mawa lake utsi unakweranso, wa maziko a munthu wina.

Ndaganizapo zokadandaula kwa akuluakulu a mzinda. Koma akabwera, woyamba kulandidwa nyundo ndi January, ndipo atsibweni ndidzawayang'ana bwanji? Mwina ndi mantha chabe amene ndikuwatcha ulemu. Kusamuka nako sikungatheke msanga, pakuti nyumba za kumalo abwino ngati Naperi si za malipiro anga. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choncho pempho langa ndi limodzi. Mulole a Bertha abwere naye Ndaziona kumapeto kwa mwezi uno, akhale nanu mpaka mvula itagwa n'kutsuka mlengalenga. A Bertha angokhala masiku atatu chifukwa cha ntchito. Ndikudziwa kuti kwathu kukutentha ndipo udzudzu ndi wambiri, ndiye neti abwera nayo. Adzakuonetsani kagwiritsidwe ka kampope. Mukaona nthiti zikulowa m'kati popuma, musadikire kuti muone ngati zisintha, thamangani naye kuchipatala. Ndipo chonde, pophika musamukhazike kukhitchini, ngakhale alire.

Sindinasiyanepo naye chibadwire. Ndikuopa kumutumiza kutali ndi chipatala chachikulu, komanso ndikuopa kumusunga pano. Sindikudziwa mantha oyenera kuwamvera ndi ati. Ngati mukuona kuti ndikulakwa, mundiuze mosabisa.

Dzulo ndinamuuza za ulendowu. Anafunsa ngati akadzabwerako adzapeza chipinda chake chitatha m'nyumba yatsopano, monga ndinamulonjeza. Ndinati tidzaona. Maziko aima pakati, ndipo sindikudziwa ngati ndidzathenso kugula mwala wina.

Mupereke moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali a Mildred, ndi kwa atsibweni. Atsibweniwo muwauze kuti January ali bwino ndipo akugwira ntchito molimbika. Zinazi zikhale pakati pa inu ndi ine.

Mundiyankhe msanga, Amayi. Pamene ndikulemba pano ndikuona pawindo akukweza matayala ena kuphiri.

Ndine mwana wanu,
Hilary